Yankho kwa Amalume pa za bwalo la kuseri kwa nyumba

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu, loti bwalo la kuseri kwa nyumba zanu akuti akufuna kumangapo, ndiye anthu a m'deramo akufuna lilembedwe kukhala village green, bwalo la anthu a m'dera lotetezedwa ndi lamulo, kuti lisakhudzidwe. Ndingoyankhira pa gulu pompano kuti ena amve nawo.

Musanayambe kuyenda khomo ndi khomo kusainitsa anthu, yambani mwafufuza ku khonsolo ngati wina anapempha kale chilolezo chomanga pamalopo. Kuyambira 2013 ku England kuno, pempho lomanga likangolengezedwa, kapena khonsolo ikatulutsa pulani yosonyeza kuti pamenepo padzamangidwa, fomu yanu yolembetsera bwalolo salandira ayi, mpaka pempholo litagwa kapena eni ake atalichotsa.

Ngati kulibe chotero, lamulo lake ndi Commons Act ya 2006, gawo 15. Likufuna kuti anthu ochuluka ndithu a m'deralo akhale atagwiritsa ntchito malowo kwa zaka 20 pa masewera ndi zosangalatsa. Ana kumenya mpira, anthu kuyendetsa agalu awo, zonsezo amawerengera. Koma kungodutsapo pothamangira basi, imeneyo ndi nkhani ya njira, si ya bwalo. Musadandaule kuti inu mwabwera posachedwa, zaka 20 zimenezi ndi za anthu onse pamodzi, osati za munthu mmodzi.

Tsono apa ndi pamene ambiri amagwera. Anthu ayenera kuti ankalowamo osathyola mpanda, osazemba, komanso osapatsidwa chilolezo. Eee, mwamva bwino, chilolezo chimawononga mlandu. Mwini malo akaika kachikwangwani pageti koti ndakulolani kusewera muno zaka 20 zija zisanakwane, basi zathera pomwepo. Mu 2014 khothi lalikulu, Supreme Court, linaweruza mlandu wa Barkas, wa bwalo lina ku Whitby. Anthu anaseweramo zaka zambirimbiri, koma poti khonsolo inkasunga malowo mwalamulo kuti anthu azisangalalapo, khothi linati ufuluwo anali nawo kale, choncho silingalembedwe. Kwa ine n'zopweteka, chifukwa malo amene anthu amawaona ngati awoawo ndi amene amalephera. Ndiye funsani ku Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, kuti mwini wa bwalo lanulo ndani, kandalama kake n'kochepa.

Za mndandanda wa masiginecha zija, umathandiza kusonyeza kuti anthu akwiya, koma si umboni. Pamafunika aliyense alembe yekha kuti anayamba chaka chiti, ankachitamo chiyani, kangati, komanso nyumba yake ili pati pa mapu. Sakani agogo amene akhalitsa mumsewu mwanumo, aja ali ndi zithunzi za ana awo akusewera pabwalopo kalekale. Ndipo mwini akatchinga mpanda, mwatsala ndi chaka chimodzi chokha choti mupereke fomu.

Pali njira ina, ya Local Green Space, yoteteza malo powalemba mu pulani ya chitukuko cha dera, inayamba mu 2012. Iyo safuna zaka 20. Malo akhale pafupi ndi anthu, akhale ofunikadi kwa iwo mwina chifukwa cha masewera, mbiri, zachilengedwe kapena bata lake, ndipo asakhale chimalo chachikulu. Vuto lake, imatheka pokhapokha pamene akulemba kapena kukonzanso pulani ya khonsolo kapena ya dera lanu, ndiye funsani khansala wanu kuti ntchitoyo ili pati.

Achemwali a ku Glasgow, izi musatengere, ku Scotland malamulo ndi ena. Amalume, mukamadutsa mawa mujambule chilichonse cholembedwa pageti ndi pamitengo ya magetsi yozungulira bwalolo, munditumizire ndione.