Kuyankha achimwene za chigayo cha mpunga

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko ku Johannesburg? Funso lanu lija ndaliona, loti kodi n'zoona kuti Salima yadzaza mafakitale, komanso ngati n'kwanzeru kuika ndalama zanu pa chigayo cha mpunga kuno. Ndingoyankha ndi mawu, kulemba kunditalikira.

Eee, kudzaza ayi, koma alipo. Fakitale ya Salima Sugar ikugaya nzimbe, shuga wake mumamupeza m'magolosale. Kuli Malawi Mangoes, amagula mango kwa alimi n'kumawakonza kuti akagulitsidwe kunja. Ndiye kwabweranso magetsi a sola a JCM aja ku Nanjoka, mamegawati 60, anatsegulira mu 2021. Mukapitirira ndi msewu wa M5 mpaka ku Dwangwa, kumeneko ndiye nkhani yakale, Illovo ili pomwepo, ndipo Ethco yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasi, zotsalira popanga shuga, chiyambire 1982.

Koma musatengeke ndi zithunzi za pa Facebook. Ntchito zambiri m'malo amenewa n'za nyengo. Nzimbe akamaliza kudula mvula ikayandikira, anthu ambiri amabwerera kumudzi. Mango nawo ndi a miyezi yochepa chabe. Amene ndimawaona akusintha moyo ndi aja ozungulira fakitale: wa lole, wa nyumba za lendi, amayi ophika nsima pa geti, wowotcherera zitsulo.

Tsono za chigayo. Mpunga ulipo, uko ku Lifuwu, ku sikimu ya Bua ku Nkhotakota, ndi m'madambo monsemu. Koma achimwene, zigayo zongopuntha zachuluka kale, pitani pa Kamuzu Road mukadzionere. Kupunthira anthu n'kumalandira ya pa thumba, ndalama yake imathera ku magetsi ndi kukonzetsa makina. Phindu lili pogula mpunga wosapuntha mu May ndi June alimi akangokolola, mtengo uli pansi, n'kuusunga pouma, kumapuntha pang'onopang'ono. Mukhale ndi makina ochotsa miyala ndi osefa wosweka, muzilongedza m'mapaketi a dzina lanu. Munthu wa ku Lilongwe amalipira bwino Kilombero woyera, wonunkhira, wosasakaniza ndi mtundu wina, ndipo mavenda ambiri amagwa pomwepa, amasakaniza. Lilongwe yake ndi pafupi, galimoto imapita n'kubwera tsiku lomwelo. Ngakhale madeya amagulidwa ndi oweta nkhumba ndi nkhuku.

Ndiye ndalama yanuyo musaithere yonse pa makina ayi. Yambiri ikhale yogulira mpunga, apo ayi chigayo chizingokhala phee.

China, magetsi. Musaganize kuti poti sola ili konkuno ndiye kuti sazima. Amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, tikugawana ndi aliyense. Chigayo chimafuna magetsi amphamvu aja a three phase, choncho malo mupeze pafupi ndi thiransifoma, chifukwa kukokera nokha kutali ndi ndalama ina yoti mungalire nayo. Poloti ya amalume ija ili kutali ndi mawaya, imeneyo iwalani kaye.

Komanso ndani aziyang'anira? Ine ndili ndi ntchito, sindingakhale pa sikelo tsiku lonse. Nkhani imeneyi tikambirane patokha, osati pagulu pano, ena angakhumudwe.

Loweruka ndikafunsa mitengo ya makina ndi lendi ya shedi, ndikutumizirani. Inuyo mundiuze kuti mwasunga zingati, koma ku inbox. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.