Kalata ya msonkho ikabwera ndi ndalama zomwe simukugwirizana nazo

Mayi, nkhani yanu ndaimva motere: mumasoka zovala, amuna anu ali pa ntchito yolembedwa, ndipo ndalama zonse za pakhomo zimadutsa mu akaunti imodzi. Kwa zaka ziwiri simunapereke fomu ya msonkho. Tsopano bungwe lotolera misonkho lakulemberani kuti muli ndi ngongole yoposa phindu lonse lomwe mukudziwa kuti munapeza. Mukufunsa ngati mungakane.

Mungakane ndithu, koma mochita kulemba, ndiponso msanga. Munthu akapanda kupereka fomu, malamulo amalola otolera misonkho kuyerekeza okha zomwe wapeza, ndipo kawirikawiri amangowonkhetsa ndalama zolowa kubanki. Chiwerengero chimenecho si chigamulo chomaliza. Chimasanduka chomaliza mukakhala chete mpaka nthawi yodandaulira itatha. M'maiko ambiri nthawiyo ndi masiku 30, ndipo imalembedwa pa kalata yomweyo. Werengani kuyambira tsiku lomwe lalembedwa pamwamba, osati lomwe munaitsegula. Nthawi ikadutsa, dandaulo lochedwa amalilandira pokhapokha pali chifukwa chomveka monga matenda, ndipo kawirikawiri bungwelo limakhala ndi mphamvu yolamula banki kuti ipereke ndalama zanu popanda kudzera kukhoti. Kupita kuofesi kukafotokoza pakamwa sikuimitsa masiku amenewa. Ichi chimandipweteka mtima, chifukwa anthu ambiri amaluza pamenepa ali ndi mfundo zabwinobwino.

Pa milandu yaupandu, boma ndilo limabweretsa umboni. Pa dandaulo la msonkho, umboni mumabweretsa ndinu. Choncho katengeni sitetimenti ya kubanki ya zaka zonse ziwirizo, mukhale pansi ndi cholembera, ndalama iliyonse yolowa muilembe kumene inachokera. Malipiro a amuna anu anadulidwa kale PAYE (msonkho wa pa malipiro) kuntchito, ndipo mapepala amalipiro awo asonyeza zimenezo. Ngongole yomwe munatenga si phindu, pakuti mudzabweza; pezani pepala la mgwirizano. Thandizo lochokera kwa achibale ndi mpamba womwe munaika nokha si malonda. Zikatsala za malonda zokhazokha, muchotsepo zomwe munawononga kuti malondawo atheke: nsalu, ulusi, lendi ya malo osokera, malipiro a wantchito. Tiyerekeze kuti pa 100 iliyonse yolowa, 40 ndi malipiro a bambo, 10 ndi ngongole, 50 ndi malonda. Ngati 35 inapita ku zipangizo ndi lendi, phindu ndi 15, pamene otolera misonkho mwina awerengera 100 yonse.

Samalani apa. Fizi ya ana ndi zogula za pakhomo sizichotsedwa, ngakhale zinatuluka mu akaunti yomweyo. Ngati mumasokera kunyumba, pa magetsi chotsani gawo la ntchito lokha. Makina osokera nthawi zambiri sachotsedwa mtengo wonse chaka chimodzi, amagawidwa pa zaka zingapo. Funsaninso mtundu wa msonkho womwe munalembetsa, chifukwa maiko ena amadula mabizinesi ang'onoang'ono pa zogulitsa zonse, osati pa phindu. Zikakhala choncho malisiti a nsalu sathandiza kwenikweni, koma kupatula ndalama za bambo ndi ngongole kumathandizabe. Ndipo ngati kampani ina inakudulirani msonkho pokulipirani, kaitanitseni satifiketi yake. Ndalamayo iyenera kuchotsedwa pa ngongole yanu.

Kalata yodandaula ikhale ndi dzina lanu, nambala yanu ya msonkho, tsiku ndi nambala ya kalata yawo, zifukwa zomwe mukukanira, ndi ndalama zomwe inuyo mukuvomereza. Mawu oti "ndalamazi zachuluka" paokha si chifukwa. Perekani mafotokope, mapepala enieni musunge, ndipo kope yanu akudindireni chidindo cha tsiku. Mafomu a zaka ziwirizo aperekeni nthawi yomweyo. Gawo lomwe mukuvomereza lipirani, chifukwa chiwongoladzanja chimakwerabe dandaulo lili mkati, ndipo m'maiko ena salimva musanalipireko. Ngati simungathe kamodzi, pemphani molemba kulipira pang'onopang'ono, mupemphenso kuti chindapusa chichepetsedwe. Akakana dandaulo lanu, muli ndi ufulu wolandira zifukwa zolembedwa ndi kuchita apilo ku bwalo lomva nkhani za misonkho kapena kukhoti, ndipo kumenekonso masiku ndi owerengeka.

Malisiti ena akasowa, chonde musalembe atsopano n'kuikapo masiku akale. Kuchedwa kupereka fomu nthawi zambiri kumathera pa chindapusa, koma kupeka mapepala ndi mlandu womwe ungakufikitseni kundende. Pemphani makope kwa omwe munkagulako, kapena mugwiritse ntchito mauthenga a pa foni otsimikizira kulipira. Musapatsenso munthu ndalama pamanja kuti "akonze" nkhaniyi. Zomwe zilibe lisiti la bungwelo, ngongole yake ikadalipo.

Za amuna anu: kumene aliyense amalembetsa msonkho payekha, ngongole ya bizinesi yanu ndi yanu. Komabe akaunti ya anthu awiri itha kugwidwa, malipiro awo n'kutsekeredwa momwemo. Sabata ino tsegulani akaunti ya bizinesi yokha, ndipo ndalama za makasitomala zizilowa m'menemo.