Musamulande makalawo, mayi

Mayi, funso limene munalemba m'gulu lathu lino ndaliwerenga kawiri usiku wathawu, ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwati mukulera mwana wa malemu mchemwali wanu, mnyamata wazaka 8, chichitikireni ngozi ya namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu Marichi 2023. Mwati salankhulalankhula, kumwamba kukada amathawira kunsi kwa bedi, nthawi zina amakodza pogona, ndipo masiku ano amatola makala n'kumajambula pakhoma la khitchini: nyumba, mizere yakuda yotsika kuchokera kuphiri, ndi anthu ogona pansi. Aphunzitsi ake akuti musiyeni azijambula, pomwe bambo akunyumba akuti akudetsa khoma ndipo akungodzikumbutsa maliro. Ndiye mwafunsa ngati n'zoona kuti kujambula kungathandize mtima wa mwana.

N'zoona, mayi, ndipo ndikupempheni musamulande makalawo. Ine sindine dokotala, ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Chaka cha namondwe uja sukulu yathu inasanduka msasa wa anthu othawa madzi, ndipo ndinakhala masabata angapo pansi pa mtengo ndi ana opanda chochita. Panali kamtsikana kena kazaka ngati 6 kamene sikankayankha ngakhale moni. Tsiku lina ana anakakumba dothi kudambo, iye n'kutengako lake. Anaumba ng'ombe, anaumbanso ina, mpaka zinayi ndi kamwana kake, n'kuzindandalika. Kenako anatunga madzi m'kachitsekero ka botolo n'kumathira pang'onopang'ono mpaka ng'ombe zonse zinasungunuka. Mawa lake anachita chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Mtima wanga unkandiuza kuti ndimuletse, koma ndinangokhala naye pafupi, duu. Sabata yachiwiri anayamba ndi kuumba kachulu, n'kuika kamwana ka ng'ombe pamwamba pake, ndiye n'kuthira madzi aja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aka kapulumuka." Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinamva kuchokera pakamwa pake.

Taganizani mmene ife akuluakulu timachitira pamaliro. Timalira mokweza, anthu amabwera kudzatipepesa, ndipo aliyense wobwera timamulongosolera mmene zinayendera, kakhumi kapena kuposa apo, mpaka nkhaniyo imayamba kupepuka m'chifuwa. Nanga mwana? Mwana timamutumiza kwa aneba, ena timawanamiza kuti amayi apita kuulendo, ndipo akafunsa timati "khala chete, ukuliza anthu". Zimene anaona zimatsalira m'thupi mwake zopanda potulukira, n'chifukwa chake zimatulukira m'maloto, pamphasa, kapena m'kupsa mtima. Mawu okwanira kufotokoza mantha otere alibe, koma manja ali nawo. Akajambula, chinthu chija chimene chimamukulira chimatuluka n'kukhala chaching'ono, chokwana pakhoma. Angathe kuchiyang'ana, kuchifuta, kuchiphimba, kapena kuonjezerapo mlatho. Tsiku la ngozi analibe mphamvu iliyonse, koma pachithunzipo wolamula ndi iyeyo.

Zimenezi sizinayambe lero. Dzina loti art therapy, kutanthauza kuthandiza maganizo a munthu kudzera m'zojambula, analiyambitsa ndi Adrian Hill, katswiri wojambula wa ku Britain, mu 1942. Iyeyu anadwala TB, ndipo ali m'chipatala anaona kuti kujambula kunkamutsitsimula iye ndi odwala anzake. Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mayi wina, Friedl Dicker-Brandeis, amene anatsekeredwa pamodzi ndi Ayuda anzake kumsasa wa chipani cha Nazi ku Terezín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. M'malo a njala ndi imfa amenewo iye ankasonkhanitsa ana n'kumawaphunzitsa kujambula patimapepala totola. Asanamutengere kumsasa wophera anthu wa Auschwitz, kumene anaphedwa mu 1944, anabisa zithunzi za anawo zoposa 4,000 m'masutikesi, ndipo lero zikusungidwa ku Prague. Muli maluwa ndi agulugufe, mulinso zoopsa zimene anawo ankaona tsiku ndi tsiku. Mmodzi mwa amene anaphunzirapo kwa mayiyu nkhondo isanayambe, Edith Kramer, anadzakhala mmodzi wa oyambitsa ntchito yothandiza ana kudzera m'zojambula ku America. Kuno ku Africa, ana othawa nkhondo ya ku Darfur atapatsidwa mapepala ndi makrayoni m'misasa ya ku Chad, anajambula ndege zoponya mabomba ndi anthu okwera pamahatchi akuotcha midzi. Anawo ankadziwa zonse, chinkasowa chinali powauzira anthu.

Ndinene mosabisa kuti art therapy yeniyeni ndi ntchito ya anthu ophunzira. Ku Britain munthu sangadzitche dzina limeneli popanda kuchita maphunziro ake apamwamba ndi kulembetsa kubungwe loyang'anira ntchito zaumoyo. Zimene mungachite inu pakhomo si zomwezo, komabe n'zazikulu, chifukwa chimene chimathandiza kwambiri si chithunzicho pachokha koma kukhalapo kwa munthu wamkulu amene mwana amamudalira, amene akuona zojambulazo osanjenjemera kapena kukalipa.

Simukufunika kugula zodula. Makatoni akugolosale, kuseri kwa kalendala yakale, makala, choko, zidutswa za njerwa yofiira, dothi la kudambo, zakwana. Sankhani nthawi yomweyomweyo, mwina madzulo mukusankha nyemba kapena kusadzula ndiwo, iye akhale pambali panu azichita zake. Musamupanikize ndi mafunso. M'malo mofunsa kuti "ichi n'chiyani?" ngati wapolisi, ingonenani kuti "tandiuza za chithunzi chakochi", ndipo akakana, zithere pomwepo. Musamukonze kuti munthu sakhala ndi mutu waukulu chonchi, komanso musafulumire kunena kuti "chokongola bwanji" pamene wajambula tsiku limene anataya mayi ake. Ndi bwino kungotchula zimene mukuona: "Ndaona madzi ambiri apa." Akakuuzani kuti wogona pansiyo ndi amayi, musatembenuze nkhani. Muuzeni kuti nanunso mumawasowa. Misozi ikabwera, ibwere. Adziwe kuti kulira sikugwetsa nyumba.

Ndaona ena pano alemba kuti mwana wojambula zakuda ali ndi ziwanda, ena akuti mtundu wakuda umasonyeza kuti mutu wasokonekera. Chonde, abale anga, tisamachite ula ndi zithunzi za ana. Mwanayu akujambula zakuda chifukwa makala ndiwo ali nawo pafupi, ndipo matope amene anatsika m'phiri la Soche usiku uja analidi akuda. Tanthauzo la chithunzi amalidziwa ndi mwini wake. Ndikupempheninso musaziike pa Facebook kapena m'gulu lino, ngakhale anthu atakuumirizani kuti aone. Wakuululirani inuyo, osati dziko lonse.

Pali kasewero kena kamene dokotala wa ana wa ku Britain, Donald Winnicott, ankachita ndi ana amanyazi, ndipo ine kanandithandiza kwambiri. Inu mumalemba kamzere kokhotakhota kopanda tanthauzo, mwana n'kukasandutsa chinthu, kaya njoka, kaya msewu. Kenako iye amalemba kake, inu n'kukamaliza. Mumapezeka mukucheza popanda wina kufunsidwa mafunso. Zithunzi zakezo muzizisunga m'jumbo, mutalemba tsiku kuseri. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu muzitulutse muone ngati pali chasintha, ngati mwayamba kuoneka dzuwa, anzake, mpira, kapena munthu woimirira.

Kwa amayi ena m'gulu muno amene ana anu sanakumane ndi zoopsa, nkhaniyi ndi yanunso. Mwana wazaka 2 kapena 3 akamangokhwatchakhwatcha pansi, akulimbitsa zala zimene adzagwirire pensulo. Akafika zaka 4 amayamba kujambula munthu wonga mbululu, mutu waukulu ndi miyendo yotuluka m'mutu momwemo, ndipo pamenepo waphunzira chinthu chachikulu, choti chizindikiro chingaimire chinthu chenicheni. Kuwerenga ndi kulemba kumayambira pomwepo. Ife tinakula tikuumba ng'ombe zadothi, kupanga magalimoto amawaya, kubereka zitsononkho kumbuyo ndi kuchita masanje, ndipo m'menemo tinkaphunzira kudekha, kuyeza, kugawana ndi kuyambiranso chinthu chikaphwanyika. Zimandipweteka kuona kuti m'sukulu zina nthawi ya Expressive Arts ndiyo imayamba kulandidwa mayeso akayandikira, ngati kuti ndi phunziro lotayira nthawi. Ndaonapo ana amene masamu amawavuta, koma ukawapatsa waya ndi zitsekero za mabotolo nkhope imawala, ndipo tsiku limenelo amabwerera kwawo akudziona kuti ndi anthu.

Tibwerere kwa mnyamata wanu. Makala okha sangasenze zonse. Za kukodza pogonazo, pitani naye kuchipatala akamuyeze mkodzo, chifukwa likodzo ndi matenda ena a m'chikhodzodzo amachititsanso zomwezo, ndipo musamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Popeza papita nthawi yaitali chichitikireni ngoziyo ndipo mantha sakutha, ndikanakhala inu ndikanawauzanso achipatala za kubisala kuja ndi kusalankhulako, n'kupempha kuonana ndi a zamaganizo. Ku Queens aliko, ndipo kwa amene muli ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God. Musadikire ngati wayamba kukana chakudya, kudzivulaza, kukamba zofuna kufa, kapena ngati akamaliza kujambula amakhala wosokonezeka kwambiri kuposa poyamba. Ndipo kwa kholo lililonse, mwana akajambula kapena kuumba zogonana zimene msinkhu wake suyenera kudziwa, musamumenye. Mufunseni modekha, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.

Ngati pali kanthu kalikonse ka malemu kamene kanatsala, kaya chithunzi, kaya chitenje, mupezereni kabokosi asungiremo, ndipo akafuna ajambule mayi ake monga akuwakumbukira ali moyo, akuphika kapena akupita naye kutchalitchi. Mumuuzeko nkhani za ubwana wanu ndi mchemwali wanuyo, zoseketsa zomwe. Mwanayu akufunika kukhala ndi zithunzi zina za mayi ake m'mutu, osati cha usiku umodzi wokha uja.

Za bambo akunyumba, musakangane nawo. Nawonso mwina zithunzizo zimawalasa mtima, kungoti amuna athu ambiri samanena. Agwirizane nanu pa mbali imodzi ya khoma, kapena apeze chidutswa cha pulayiwudi achipake utoto wakuda, chikhale bolodi la mwanayo. Ndipo Loweruka lina muwapemphe atole mawaya akhale naye pakhonde apange galimoto limodzi. Paubwana wawo ankapanga, manja sanaiwale.