Okapi m'thumba ku Nottingham: yankho kwa achimwene amene anandilembera

Ndalandira imelo yochokera kwa achimwene ena amene amawerenga tsamba lino ali ku Nottingham, ku England. Apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe, ndiye ndingofotokoza nkhani yokha. Amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo chifikireni kumeneko amayenda ndi mpeni wopinda, Okapi, umene anawasiyira malemu amalume awo. Tsiku lina pa buleki anautulutsa kuti asende lalanje. Mayi wina wachizungu amene amagwira naye ntchito anangodzuka n'kutuluka panja, ndipo madzulo ake manijala anawaitanira mu ofesi n'kuwauza kuti akadzauonanso mpeniwo pamalopo adzaitana apolisi. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndalakwa chiyani? Kwathu mwamuna aliyense amayenda ndi mpeni. Si tsankho limeneli?"

Achimwene, ndiyambe ndi chimene chingakuikeni m'mavuto, zamumtima tikambe pambuyo. Mpeni umenewo musatulukenso nawo m'nyumba. Musapite nawo ku ntchito, musapite nawo kokagula zinthu, ndipo musausiye m'galimoto.

Ku England ndi Wales kuli lamulo lotchedwa Criminal Justice Act la 1988. Gawo 139 la lamulolo limaletsa kukhala ndi chinthu chakuthwa kapena chosongoka pamalo a anthu onse popanda chifukwa chomveka. Mpeni wokhawo umene amauleka ndi kampeni kopinda kamene mbali yake yakuthwa siyipitirira mainchi 3, omwe ndi masentimita 7.62. Komanso kampeniko kasakhale ndi loko. Makhothi anagamula kalekale, ndipo khothi la apilo linabwerezanso mu 1998, kuti mpeni umene umadzikhoma ukatsegulidwa, woti uyambe wadina kapena kukoka kenakake kuti upindike, saauwerenga ngati kampeni ka m'thumba ngakhale utafupika bwanji. Mwandiuza kuti wanu uli ndi mphete kumsana. Mphete imeneyo ndiyo loko. Ndiye ngakhale mutauyeza n'kupeza kuti ndi waufupi, lamulo lakugwirani kale.

Chilango chake chimafika zaka 4 kundende. Munthu wamkulu akapezeka nawo kachiwiri, lamulo limati asachepere miyezi 6. Zifukwa zimene khothi limamvera ndi monga ntchito, chipembedzo, ndi chovala cha mtundu wa anthu. N'chifukwa chake Msikh amayenda ndi kirpan wake, mpeni wa chipembedzo chake, ndipo munthu wa ku Scotland amasomeka kampeni mu sokosi akavala zamakolo ake. Kusenda lalanje pa buleki musakudalire. Ndipo ngati wapolisi adzakufunsani, mawu oti "ndimauyendera podziteteza" asadzatuluke pakamwa panu. Pali lamulo lina la 1953 limene limati chinthu chilichonse chimene wanyamula ndi maganizo ovulaza nacho munthu chasanduka chida, ngakhale kampeni kaja kololedwa.

Kwa inu ndende si chokhacho choopsa. Ntchito yosamalira okalamba imadalira chikalata cha DBS, chimene chimaonetsa mbiri ya milandu ya munthu. Mlandu wa mpeni ukalembedwa pamenepo, mabwana ambiri amabweza dzanja. Viza yanu nayo yatsamira pa ntchitoyo, ndipo mlendo amene wagamulidwa miyezi 12 kapena kuposerapo, lamulo la 2007 limati abwezedwe kwawo. Ndikaganiza za ana anu ndi ndalama zimene mumatumiza kumudzi, ndikuona kuti manijala uja, ngakhale anayankhula mokalipa, anakuchitirani chifundo posaimba foni tsiku lomwelo.

Tsopano tibwere ku chimene chakupwetekani mtima, chifukwa ndikudziwa kuti si lamulo. Ndi nkhope ya mayi uja.

Mpeni umene mukunena ndimaudziwa bwino. Chigwiriro cha thabwa lofiirira, tizitsulo tonyezimira tooneka ngati mwezi ndi nyenyezi, ndipo poutsegula umalira kuti kere-kere-kere mpaka kukhoma. Ambirife tinauona koyamba m'manja mwa achikulire amene anakagwirako ku migodi ya ku Joni. Mdala amakhala pakhonde, amayala nzimbe pamwendo, amadula pamfundo, amasenda makoko aatali osaduka, n'kugawira ana tizidutswa kuyambira wamng'ono. Akatha amaupukuta pabuluku, amakoka mphete ija, n'kuubwezera m'thumba. Womwewo adzadulira luzi, adzasongolera msampha, adzazingira nkhuku alendo akafika. Mwana amene wakula akuona zimenezi, akaona mpeni amaganiza za kudya ndi ntchito. Okapi anayamba kupangidwa ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ndipo amapangidwira msika wa kuno ku Africa. Mu 1988 ntchito yopanga mipeniyi inasamukira ku South Africa. Ndiye mukamati ndi wakwathu simukunama.

Mayi uja anakula akuona zina. Mumzinda womwe mukukhalamowo, pa 13 June 2023, ophunzira awiri a payunivesite anabayidwa mpaka kufa mbandakucha akubwerera kumene amagona, ndipo bambo wina wogwira ntchito pasukulu anaphedwanso m'mawa womwewo akupita ku ntchito. Mzinda wonse unalira. Chaka chotsatira, pa 29 July 2024, ku Southport, atsikana aang'ono atatu anaphedwa ndi mpeni pamalo ophunzirira kuvina. M'zaka zaposachedwapa apolisi a ku England ndi Wales akhala akulemba milandu ya mipeni pafupifupi 50,000 pachaka, ndipo m'dziko limene mfuti ndi zosowa, mpeni ndiwo umapha anthu ambiri kuposa chida china chilichonse. Pali chiboliboli chachikulu chotchedwa Knife Angel, chopangidwa ndi mipeni yoposa 100,000 yolandidwa kapena yoperekedwa kwa apolisi, chimene amachiyendetsa m'mizinda kuti anthu akumbukire amene anafa. Makolo amakaima pamenepo atanyamula zithunzi za ana awo. Mayi ujatu mwina ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 16 amene amabwera usiku, ndipo akamva sairini mtima umathawa. Atamva kere-kere-kere kumbuyo kwake, sanaone lalanje.

Palinso za malo enieniwo. M'nyumba zambiri zosamalira okalamba muli agogo amene mutu unasokonekera ndi ukalamba, moti mipeni ya kukhitchini amaitsekera. Wantchito amene mpeni wake ungagwe m'thumba akutembenuza wodwala pabedi, manijala aliyense angamuletse, akhale mzungu kapena wakuda.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Angelezi omwewo sanali otere kale. Mukafunse agogo aamuna amene mumawasamalirawo. Ambiri akuuzani kuti ali anyamata anali ndi kampeni m'thumba, kosongolera pensulo ndi kosemera timitengo, ndipo anyamata a Scout amakamangirira palamba. Timipeni tofiira ta ku Switzerland, ta kampani ya Victorinox imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach mu 1884, tinkagulitsidwa m'mabwalo a ndege momwe, munthu n'kukwera nako. Zinasintha pa 11 September 2001, pamene zigawenga zinalanda ndege ku America. Malonda anagwa, moti kampani inzake ya Wenger inalephera kuima payokha ndipo Victorinox anaigula mu 2005. Mu 2024 kampaniyo inalengeza kuti ikukonza tizida ta m'thumba topanda mpeni, chifukwa malamulo akukhwima m'maiko ambiri. Chaka chomwecho boma la Britain linaletsa zipeni zazikulu zimene amazitcha zombie. Munthu wa zaka 80 ndi mdzukulu wake wa zaka 25, a mumsewu umodzi, saona kampeni mofanana.

Ine maganizo anga ndi akuti manthawa anapitirira pena. Ziwerengero za boma lomwelo zimaonetsa kuti mpeni umene umapezeka kwambiri pa milandu yakupha ndi wa kukhitchini, umene uli m'nyumba iliyonse. Bambo wosenda lalanje si amene akupha ana a Angelezi. Zimandimvetsa chisoni kuti m'badwo wonse ukukula osadziwa kugwira mpeni bwino, osadziwa kuti umasendera kutali ndi thupi, kuti popatsa mnzako umagwira kukamwa kwa mpeniwo n'kumupatsa chigwiriro. Koma maganizo angawa sangakuimireni m'khothi, komanso sindingayerekeze kuwanena pamaso pa mayi amene anaika mwana wake m'manda.

Tisanamizanenso za kwathu. Mwati mwamuna aliyense amayenda ndi mpeni. Kumudzi, eya. Koma tulutsani Okapi mu minibasi ya madzulo yochokera ku Limbe, muone ngati woyandikana nanu akhala phee. Chikwanje ndiye chitsanzo chabwino. Bambo wochokera kudimba atachinyamula paphewa timamupatsa moni osachiyang'ana n'komwe. Koma pa 19 July 2011, kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero zichitike, anyamata a chipani cholamula cha nthawi imeneyo atayenda m'misewu ya Blantyre pa galimoto akuonetsa zikwanje, palibe amene anaganiza kuti akupita kukalambula munda. Abale athu a ku Joni nawo akuuzani kuti m'malokeshoni dzina la Okapi limayendera limodzi ndi la matsotsi. Kumeneko lamulo la zida zoopsa la 2013 siliyeza kutalika kwa mpeni, limayang'ana malo, nthawi ndi khalidwe la amene waunyamula, ngati zikupereka chikaiko choti akufuna kuchita nawo zoipa. Ifenso timauweruza mpeni poona malo ndi dzanja limene laugwira.

Pa dzanjapo ndi pamene funso lanu la tsankho lili, ndipo sindilithawa. Za mayi uja sindingaweruze, chifukwa mwina akanadzukanso ngakhale mpeniwo ukanakhala m'manja mwa mzungu mnzake. Koma mumsewu tsankho lilipo. Ziwerengero za boma zimaonetsa kuti munthu wakuda ku England ndi Wales amaimitsidwa n'kusechedwa ndi apolisi pafupifupi kanayi kuposa mzungu. Pali gawo 60 la lamulo la 1994 limene limalola apolisi, akalengeza dera kwa maola angapo, kusecha aliyense popanda kumukaikira chilichonse. Mlimi wachizungu wa kumidzi akhoza kuyenda ndi mpeni wa loko moyo wake wonse osafunsidwa ndi munthu. Inu mumaimirira pa siteji ya basi usiku mutaweruka, mutavala jekete lakuda ndi chipewa chifukwa cha chisanu. Si chilungamo, ndipo zimandiwawa kulemba. Dziko lomwelo ndi limene Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa zaka 18, anabayidwa ndi anyamata achizungu akudikira basi ku Eltham mu 1993, ndipo kafukufuku wa boma mu 1999 anapeza kuti m'polisi ya London munali tsankho lozika mizu. Anthu akuda ndiwo avutika ndi mipeni kumeneko, ndiponso ndiwo amakaikiridwa msanga. Chifukwa cha tsankho lomwelo, inu ndiye muyenera kusamala koposa. Akulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Mwafunsanso ngati mungagule kampeni kololedwa. Lamulo likulolani: kopinda, kopanda loko, kosapitirira mainchi 3. Posankha samalani ndi Opinel wa ku France, amene amafanana ndi mipeni yakwathu pa chigwiriro cha thabwa, chifukwa kuyambira pa nambala 6 kupita m'mwamba amakhala ndi mphete yokhomera. Ngakhale mutapeza kololedwa, bwana ali ndi mphamvu yokaletsa pa ntchito, ndipo alonda a m'mabala, m'mabwalo a mpira ndi m'makhothi sakulolani kulowa nako. Kusukulu kwa ana musapite nako n'komwe. Ineyo ndikanakhala inu ndikanangosiya. Lalanje lidulirenitu kunyumba muliike m'kontena, ndipo za makatoni pemphani kodulira ka pantchito pomwepo.

Kwa manijala bwererani nokha asanakuitaneninso. Muwauze mwachidule kuti simunkadziwa lamulolo, kuti mpeniwo unali wa malemu amalume anu, ndipo kuti tsopano umakhala kunyumba. Mufunse ngati nkhaniyi yalembedwa m'fayilo yanu, ndipo ngati muli m'bungwe la ogwira ntchito, muwadziwitse. Mayi ujanso mum'peze, makamaka pali munthu wina pafupi kuti asachite mantha. Simukupepesa chifukwa chokhala Mmalawi kapena chifukwa cha mmene munaleredwera. Mukupepesa kuti munamudzidzimutsa, basi. Akafuna kumva, m'fotokozereni za amalume ndi ntchito zimene mpeniwo unagwira. Akapanda kufuna, m'lekeni.

Okapi weniweniyo musamutaye. Kukhala naye m'nyumba mwanu si mlandu, chifukwa sali m'gulu la mipeni yoletsedweratu ngati ija yodumpha ukadina batani. Mupakeni timafuta pang'ono polumikizira kuti chinyezi cha kumeneko chisamudyetse dzimbiri, mumusunge pamwamba posafika ana. Mukadzaganiza zopita naye kumudzi, mudzamukulunge bwino n'kumuika pansi m'sutikesi yaikulu imene imakwera kokhala katundu, osati m'chikwama cha m'manja, ndipo asadzatulukemo mpaka mutafika.