Kodi ndimugulire mwana buku la zithunzi za akatswiri ojambula?

Mayi wina wa ku Lobi m'boma la Dedza alemba kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 amakonda kujambula, ndipo akupempha buku lalikulu lokhala ndi zithunzi zotchuka za akatswiri akale pamodzi ndi mawu ofotokoza chilichonse. Akufunsa ngati bukulo lingamuthandize pa maphunziro ndi ntchito, kapena kudzakhala kungowononga ndalama zomwe akanagulira feteleza.

Mayi, ngati thumba likulola muguleni bukulo, ngakhale logwiritsidwa kale ntchito, chifukwa zithunzi zake sizikalamba. Mwana wa kuno sangathe kupita ku Paris kapena ku Madrid kukaona zithunzizo, ndipo pa foni zimaoneka zazing'ono, bandulo nayo imatha asanakhutire. Buku labwino limakulitsa kachigawo kamodzi, monga manja a munthu kapena makwinya a chovala, n'kusonyeza komwe kuwala kukuchokera ndi momwe mthunzi waikidwira. Mwana akhoza kulitsegula patebulo madzulo onse akuyesa kukopera dzanja limodzi lomwelo mpaka litatheka, ndipo umo ndi momwe diso la wojambula limakhwimira.

Koma bukulo limanama pa nkhani ya kukula, ndipo ili ndi vuto lalikulu kuposa momwe anthu amaganizira. Chithunzi cha Mona Lisa, chomwe adajambula Leonardo da Vinci ndipo chili m'nyumba yosungira zaluso ya Louvre ku Paris, ndi cha masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi basi. Guernica, chomwe Pablo Picasso adajambula mu 1937 podandaula za mabomba omwe adasakaza tauni ya dzinalo ku Spain, n'chachikulu ngati khoma la kalasi, pafupifupi mamita 3.5 kupita m'mwamba ndi mamita 8 m'mbali. M'buku zonse ziwiri zimatenga tsamba limodzi, motero mantha omwe munthu amagwidwa nawo akaima pansi pa kavalo wolira wa m'chithunzi cha Picasso sapezekamo. Pepala limabisanso utoto weniweni. Vincent van Gogh ankapaka utoto wokhuthala mpaka mizere ya burashi kutukuka, koma patsamba zonse zimangokhala see.

Chinanso ndi chakuti ana athu adazolowera kuloweza manotsi, choncho amathamangira kuwerenga maganizo a wolemba asanayang'ane chithunzicho. Mwanayo aziphimba mawuwo ndi pepala, ayang'ane kaye, alembe zomwe waona, kenaka ayerekeze ndi za m'bukumo.

Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti mabuku ambiri otere amadzaza ndi za ku Ulaya, ndipo mwana amayamba kukhulupirira kuti luso lenileni lili kutsidya kwa nyanja, pomwe iye akukhala m'boma lomwe lili ndi chuma chomwe dziko lonse lapansi lidavomereza. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira adajambula ndi Akafula, zoyera adajambula ndi Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mwana akaima pa thanthwe la ku Mphunzi kapena ku Chentcherere adzaona momwe wojambula adatsatira kupindika kwa mwala, chinthu chomwe tsamba silingasonyeze. Mupite nayenso ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, akaone zojambula za pamakoma ndi amisiri ali pantchito.

Pa za tsogolo, University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa zojambula, koma khomo lake ndi mayeso a MSCE, ndiye asatayirire Chingerezi ndi maphunziro enawo. Ntchito zilipo: kujambula zithunzi za m'mabuku a sukulu, kukonza zikwangwani ndi zotsatsa malonda pa kompyuta, kukongoletsa mbale ndi makapu monga amachitira ku Dedza Pottery. Kulikonseko adzamufunsa ntchito ya manja ake, osati mayina omwe adaloweza. Pa ndalama zomwe mwakonza, patulani gawo la mapensulo ndi mapepala, ndipo chilichonse chomwe wajambula azichilemba tsiku n'kuchisunga mu fayilo imodzi.