Kagalimoto kakamadumpha ngati chule, musathamangire masipuling'i

Mbale wathu wina wa ku Highfield, kuno ku Harare, wanditumizira imelo. Akuti anagula kagalimoto kampikisano koyendera rimoti, ka mtundu wa buggy (koyenda m'malo osasalala) kochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni (1/10), koma akakathamangitsa pabwalo lafumbi kamangodumpha ngati chule, kumbuyo kukuponyeka uku ndi uku. Wamanga timphete ta pa masipuling'i mpaka pothera, osasintha kanthu. Funso lake: agule masipuling'i ena?

Ayi achimwene, ndalamazo zisungeni kaye.

Kamphete kaja sikalimbitsa sipuling'i. Ntchito yake ndi kukweza kapena kutsitsa galimoto basi, ndiye mukakamangitsa galimoto imangotalika n'kuyamba kugubuduka pakona. Chimene chimathetsa kudumpha ndi oyilo wa m'mashoko (ma shock absorber), timachubu tokhala mkati mwa masipuling'i aja. Inde, ndikudziwa kuti kuno ku Harare mukati "mashoko" anzathu olankhula Chishona amamva ngati mukunena mawu, koma ife tikumvana.

Mkati mwa shoko muli kapisitoni ka timabowo tiwiri kapena titatu, ta mamilimita 1.6 kapena chapomwepo. Tayala likagunda mwala, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowomo, ndipo kuchedwa kwakeko n'kumene kumabweza ukali wa sipuling'i. Popanda oyilo, sipuling'i imangochita zake.

Choncho tsegulani mashoko onse anayi muone. Timagalimoto tina totchipa timabwera ndi mashoko ouma kuchokera kufakitale, ndipo ngati anu ali otero, ndiwo ofunika kusintha. Ngati ndi a oyilo, ndikukayikira kuti watha. Fumbi lathu lofiirali limamatirira pa kachitsulo kolowa ndi kutuluka kaja, n'kudya timalabala totsekera, oyilo n'kumachucha pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

Gulani oyilo wa silicone wopangidwira mashoko amenewa. Oyilo wa injini ayi, wophikira ndiye musayerekeze. Yambirani pa 30wt, amene mabotolo ena amalemba 350 cSt (manambalawa amasonyeza kulimba kwa oyilo: nambala ikakwera, oyilo ndi wolimbirapo). Ine pa kanga, koyendera matayala akumbuyo okha, ndimathira 32.5 kutsogolo ndi 30 kumbuyo. Kukatentha mu Okutobala oyilo amakhala wamadzimadzi, ndiye ndimakwera sitepe imodzi. Mu Juni ndimabwerera.

Pothira m'pamene ambiri amalakwitsa chifukwa chopupuluma. Kokerani pisitoni pansi, thirani oyilo mpaka pafupi n'kukamwa, kenako kwezani ndi kutsitsa pisitoni pang'onopang'ono, osaitulutsa mu oyilomo. Muona timathovu tikukwera. Imikani shokoyo chilili mphindi 10, mukamwe tiyi. Thovu likatha, kankhirani kachitsulo mkati, tsekani chivindikiro mwapang'onopang'ono kuti oyilo wotsala atuluke. Mashoko awiri akutsogolo azibwerera mofanana mukawakanikiza ndi chala, akumbuyonso chimodzimodzi. Imodzi ikakhala yolimba kuposa inzake, galimoto imakhota bwino mbali imodzi yokha, inu n'kumada rimoti.

Mukabwezeretsa, ikani batire, nyamulani galimoto masentimita 30 n'kuisiya igwe pasimenti. Iyenera kungokhala phee. Ikamenyetsa mimba pansi kapena kunjanja, oyilo ndi wamadzimadzi. Ikatera gwaa ngati njerwa, walimbitsa.

Apa tsopano ndi pamene mubwerere ku timphete tija. Timasuleni mpaka mikono yogwira matayala ikhale pafupifupi yopingasa, galimoto ili ndi batire. Mukatha kuthamangitsa, pukutani tizitsulo ta mashoko ndi kansalu musanakaike kagalimotoko m'katoni. Mukakayesa Loweruka, mundilemberenso kuti ndimve ngati kumbuyoko kwakhazikika.