Msuweni, za Al2O3 zija

Eee, msuweni, ndamva. Dikira nditseke chitseko, ana akusokosa panja... Eya. Wafunsa kuti n'chifukwa chiyani aluminium oxide imalembedwa Al2O3 osati AlO basi (Al ndi aluminium, O ndi oxygen), ndiponso ati ka III kaja ka mu iron(III) oxide kamatanthauza chiyani. Funso labwino. Koma iwe ndinakubereka kumsana ine, ndimakudziwa. Sungaponye funso la sukulu mu gulupu ya banja ma 22 hours popanda chifukwa. Ndiye pamapeto paja wawonjezerapo kuti "kapena sayansi si yanga." Nkhani ili pamenepo. Ukufuna mmodzi wa ife akuuze kuti siya mayeso a GCE, usalembenso, za unesi uiwale. Ine ayi. Amayi ako akumva, azakhali akumva, ine mawu amenewo sindinena. Iwe amene umawerengera chenji cha tomato pa Kapata mofulumira kuposa foni, ungandiuze kuti 2 ndi 3 zakulaka?

Ndiyankha, usathamange. Koma yamba wakumbuka amalume aang'ono. Unali wamng'ono iwe, mwina ukukumbuka pang'ono chabe. Chaka chija cha ukwati wa asisi kumudzi, njira ya ku Chadiza. Amalume anati nyumba ya agogo siingalandire apongozi ili yofiira choncho, iyenera kuyera. Anapalasa njinga m'mamawa kubwera m'tauni kudzagula laimu. Mu shopu anapezamo matumba a mitundu iwiri, onse ufa woyera, wina wotchipa, wina wodula. Ndiye amalume mukuwadziwa nonse. Anatenga wotchipa, matumba awiri... ayi, atatu, chifukwa limodzi linang'ambika pa kaliyala, anafika ali mbuu ngakhale m'nsidze.

Tinasungunula mu diramu, amalume n'kuthiramo mchere, ati kuti ugwire. Ife ana kupaka ndi matsache tsiku lonse. Litauma khoma lija, mayo, linayera bwino kwabasi. Amalume anaima pabwalo manja m'chiuno, kuitana aliyense wodutsa kuti aone. Tsiku la ukwati dzuwa linaswa mtengo, anthu n'kuthawira mumthunzi wa khonde, kutsamira khoma. Ankhoswe a kuchimuna anavala suti yakuda, yobwereka. Poimirira kuti alankhule, msana wonse woyera. Azimayi a kwaya, zitenje zawo za yunifomu, chimodzimodzi. Agogo anaseka mpaka anawatulutsa kuseri kukawapatsa madzi. Amalume okha nkhope gwa, ati "laimu ndi laimu, vuto ndi anthu otsamira makoma a eni." Mvula yoyamba ya mu Novembala inatsuka zonse, nyumba n'kubwerera kufiira kwake.

Koma imva zomwe anachita ndi thumba lotsala. Anakaliwaza m'munda wa nsawa, Chalimbana uja wa kuseri kwa dambo. Nsawa zimafuna calcium kuti makoko adzaze, ndipo dothi lija linali la asidi. Chaka chimenecho anakolola nsawa zosapepuka, zopanda mphwepwa. Mpaka tsiku lomwe anatisiya ankanena kuti anagula dala, ati khoma linali longoyeserapo. Ndimawasowa amalume aja. Munthu wosagonja, koma mtima wabwino. Fizi yanga ya Giredi 10 analipira ndi nsawa zomwezo, ena pano sadziwa.

Manje tamvera. Pa matumba aja panali polembedwa, kungoti palibe anawerenga. Wotchipa uja anali laimu wa m'munda, mwala wogayidwa, calcium carbonate, CaCO3. Wopakira nyumba ndi calcium hydroxide, Ca(OH)2. Umenewu ukaupaka umakoka carbon dioxide wa mumpweya, n'kusanduka calcium carbonate pakhoma pomwepo, ndiye umalimba, kumamatira. Wa m'munda uja unasanduka kale, palibenso chosintha, umangouma n'kukhala fumbi. Dzina loyamba n'limodzi, calcium. Lachiwiri ndi lomwe linadetsa... linayeretsa suti ya ankhoswe.

Ndiye taona mafomula awiriwo. Calcium ali ndi chaji, mphamvu ya magetsi yomwe atomu imanyamula, ya pulasi 2. Carbonate, CO3 yonse pamodzi, ili ndi mainasi 2. Pulasi 2 ndi mainasi 2, ziro, zakwanirana, mmodzi mmodzi, CaCO3. Hydroxide, OH, ili ndi mainasi 1 yokha. Calcium mmodzi akufuna ma OH awiri kuti zifike pa ziro. N'chifukwa chake timatsekera OH mu mabulaketi, 2 n'kukhala kunja. Ukalemba CaOH2 wachulukitsa H yekha, O wamusiya, maliki apita.

Chinthu chake n'chimenecho, msuweni. Ma ionic compound onse, kutanthauza zinthu zopangidwa ndi mbali ya pulasi ndi mbali ya mainasi ngati zimenezi, chaji ya pulasi ndi ya mainasi ziyenera kukwanirana mpaka ziro. Zili ngati sikelo ya ogula soya, siiyenera kupendekera mbali imodzi. Iwe ukuvutika chifukwa ukuloweza mafomula limodzilimodzi, ndaona kope lako lija, masamba odzaza. Mutu wa munthu sungasunge zonsezo. Aluminium wako uja ndi pulasi 3, oxide ndi mainasi 2. Mmodzi mmodzi patsala pulasi 1, ndiye AlO siingatheke. Funa nambala yomwe 3 ndi 2 zikumana, ndi 6. Ma aluminium awiri, pulasi 6. Ma oxide atatu, mainasi 6. Al2O3. Yatha.

Aphunzitsi ena amati ingosinthanitsa ma valency, manambala a chaji aja, ya uyu ipite pansi pa uyo. Zimagwira, koma chenjera. Magnesium ndi 2, oxide ndi 2, ukasinthanitsa mwachimbulimbuli ulemba Mg2O2, pomwe yolondola ndi MgO. Ukamawerengera mpaka ziro sugwa m'dzenje limenelo.

Za iron zija. Zitsulo zina, iron, copper, zimakhala ndi chaji yoposa imodzi. Iron atha kukhala pulasi 2 kapena pulasi 3, ndiye dzina liyenera kukuuza kuti ndi uti. Ka III kaja ndi chaji ya iron. Si kuchuluka kwa ma atomu ayi, apa ndi pomwe ana ambiri amagwera. Iron(III) oxide: pulasi 3 ndi mainasi 2, masamu omwe aja a aluminium, Fe2O3 (Fe ndiye iron), ndi yomwe ili mu dzimbiri la pa malata. Iron(II) sulphate: pulasi 2, sulphate mainasi 2, FeSO4. Amenewa ndi mapiritsi owonjezera magazi omwe amayi oyembekezera amalandira ku sikelo, pa botolo amalemba ferrous sulphate. Iwe ofuna unesi, udzawagawa ndi manja ako amenewo.

Kutchula mayina n'kosavuta. Chitsulo chimayamba, dzina lake silisintha. Chinacho chimabwera pambuyo, chikakhala chokha chimathera ndi -ide: chlorine asanduka chloride, sodium chloride, NaCl, mchere wa m'ndiwo. Ukamva -ate dziwa kuti muli oxygen. Sulphide ndi S yekha, sulphate ndi SO4. Hydroxide ndiyo yoti usamale nayo, imathera ndi -ide koma si atomu imodzi, muli O ndi H.

Zoloweza zilipo, sindikunamiza, koma n'zochepa. Periodic table, tchati cha ma element onse m'magulu awo otchedwa ma Group, amakupatsa pa pepala la mayeso. Group I pulasi 1, Group II pulasi 2, aluminium pulasi 3, Group VII mainasi 1, Group VI mainasi 2. Zoti zikhale m'mutu ndi nitrate mainasi 1, hydroxide mainasi 1, sulphate ndi carbonate mainasi 2, phosphate mainasi 3, ammonium pulasi 1. Zingati zimenezo? 6. Nyimbo za ku kwaya umaloweza zingati pa sabata, iwe? Ndipo zina unazinyamula pamutu kale. Ammonium nitrate wa top dressing, NH4NO3, mmodzi mmodzi. Ammonium sulphate, (NH4)2SO4, mabulaketi abweranso. Urea musiye, ameneyo si ionic. Ngakhale chidulo cha agogo chophikira therere, chomwe chimafewetsa ndiwo muja kwambiri ndi potassium carbonate wa m'phulusa. Potassium pulasi 1, carbonate mainasi 2, ndiye... ayi, imeneyo sindikuuza, ulembe wekha.

Usaloweze fomula, msuweni, dziwa chaji, uwerengere mpaka ziro. Wandimva? Sayansi siinakukane, njira yowerengera ndiyo inali yolemetsa. Chaji, ziro, fomula imatuluka yokha.

Ndalama ya mayeso tinakambirana kale ndi achimwene, imeneyo isakusowetse tulo. Tenga pepala ulembe potassium carbonate ija, magnesium nitrate, copper(II) chloride, sodium sulphate ndi aluminium sulphate. Yomalizayo ndi yovutirapo, ndaiikamo dala. Ujambule unditumizire ku inbox, osati muno, azakhali angayambe kukuchongera okha. Loweruka ndikubwera ku Saturday Market kudzagula nyemba, ndidzadutsa kwanu cha m'ma 14, kope lija likhale pafupi.